Kuphunzira Ntchito ya Zomangamanga M'kalasi ndi Pasayiti: Mafunso ndi Mayankho

Achinyamata ambiri amene amaliza Fomu 4 amafunsa njira yoloweramo m'ntchito ya zomangamanga, ndipo makolo awo amafuna kudziwa ngati zaka zimene mwana adzathere kusukulu ya ntchito zamanja zidzabala chakudya pakhomo. Mayankho ali m'munsimu akukhudza njira imene wophunzira amagawa nthawi yake pawiri, miyezi ina ali m'kalasi ndi m'shedi ya pakoleji, miyezi ina ali pasayiti, pamalo pamene akumanga, pansi pa kontalakitala, monga momwe zimachitikira kuno ku Malawi.

Kodi kuphunzira m'kalasi ndi pasayiti kumayenda bwanji?

Wophunzira amayambira kukoleji, kumene amaphunzira kuwerenga pulani, masamu a ntchito, sayansi ya zipangizo zomangira ndi malamulo a chitetezo, kwinaku akuyeserera kugwira zida m'shedi. Akafika pa mlingo woti angathe kutumidwa ntchito osaononga, amapita ku atachimenti, kutanthauza kuti amakakhala miyezi ingapo pakampani kapena kwa kontalakitala amene ali ndi ntchito yeniyeni, yokhala ndi mwini wake komanso tsiku loimalizira. Kenako amabwerera kukoleji kukapitiriza gawo lotsatira ndi kukayesedwa, ndipo kasinthasintha ameneyu amapitirira mpaka atamaliza. Kaphunzitsidwe kake n'koyang'ana zimene munthu akutha kuchita ndi manja, kotero kuti wophunzira sadutsa gawo chifukwa choloweza tanthauzo la lintala, bimu ya konkire yodutsa pamwamba pa khomo kapena windo, koma chifukwa chakuti waikhoma bokosi, waika zitsulo, waithira konkire ndipo yatuluka yowongoka. Satifiketi za TEVET, kutanthauza za maphunziro a ntchito zamanja, zimapita m'magawo, kuyambira loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachinayi limene ndi la dipuloma, ndipo munthu wofuna kufika gawo lachitatu ayembekezere kuti zimutengera zaka zitatu kapena zinayi.

Ndani amayendetsa maphunzirowa, ndipo amachitikira kuti?

Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Limalembetsa sukulu zophunzitsa ntchitozi, limalengeza ndi kusankha ophunzira opita kumakoleji a boma, ndipo limalondoloza ophunzira amene ali ku atachimenti. Ndalama zambiri zoyendetsera ntchitoyi zimachokera ku msonkho wa TEVET, umene olemba anthu ntchito amapereka pa mlingo wa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuti wophunzira aidziwe, chifukwa ikusonyeza kuti makampani ali kale mbali ya dongosololi, ndipo wofunsira malo a atachimenti sayenera kudziona ngati wopemphetsa.

Makoleji akuluakulu odziwika ndi Lilongwe, Namitete, Salima, Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Mzuzu ndi Livingstonia ku Rumphi. Kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, ndipo yoyamba inali ya Ngara ku Karonga. Palinso sukulu za mipingo ndi mabungwe, monga Don Bosco ku Lilongwe ndi DAPP Mikolongwe ku Chiradzulu. Kuphunzitsa umisiri pogwiritsa kalasi ndi ntchito yeniyeni si kwachilendo kwathu kuno, pakuti sukulu imene mmishonale Robert Laws anatsegula pamishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa kale ukalipentala ndi kumanga, ophunzira akugwira nawo ntchito yomanga nyumba za mishoniyo.

Ndi ntchito ziti za zomangamanga zimene ndingasankhe?

Zodziwika kwambiri ndi kumanga ndi njerwa, ukalipentala, upulamba, kupenta, kuwotcherera zitsulo ndi kuika mawaya a magetsi m'nyumba. Si koleji iliyonse imene imaphunzitsa zonsezi, choncho muone bwino chilengezo cha chaka chimenecho musanalembe kalata.

Ndiyenera kukhala ndi chiyani kuti andisankhe?

Kumakoleji akuluakulu amafuna satifiketi ya MSCE, ndipo masamu, Chingerezi ndi sayansi ndiwo maphunziro amene amayang'anidwa kwambiri. Makoleji a m'madera ndi sukulu za mabungwe zimakhala ndi zofuna zawo, ndipo zina zimalandira anthu amene sanafike pa MSCE. Malo kumakoleji a boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira, kotero kusasankhidwa chaka choyamba sikutanthauza kuti ntchitoyi siikukuyenerani. Amene angathe kudzilipirira amalowa ngati ophunzira olipira okha, koma asanapereke ndalama kusukulu iliyonse ayenera kutsimikiza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, chifukwa pepala lochokera kusukulu yosalembetsedwa silikhala ndi mphamvu kwa olemba ntchito.

Pa masamu ndikufuna kutsindika. Mmisiri amawerengera tsiku lililonse: njerwa zingati pa khoma la mamita akutiakuti, matumba angati a simenti pa silabu ya konkire, denga lipendeke motani kuti madzi asabwerere m'malata. Wophunzira amene ankathawa masamu kusekondale adzakumana nawo pasayiti, ndipo pamenepo kulakwitsa kumadya ndalama za mwini nyumba.

Bwanji osangophunzira kwa mmisiri wa kwathu, popeza ambiri anaphunzira choncho ndipo akumanga?

Funsoli ndi lachilungamo, ndipo palibe chifukwa chonyozera amisiri amene anaphunzira poyang'ana. Nyumba zambiri m'midzi ndi m'matauni mwathu anamanga ndi iwowo, ndipo ena mwa iwo ali ndi dzanja lowongoka kuposa omaliza kukoleji. Chimene chimasowa kawirikawiri pa njira imeneyi ndi chifukwa cha zinthu. Wophunzira kwa mmisiri amatengera zonse zimene mphunzitsi wake amachita, zabwino ndi zolakwika zomwe, ndipo alibe poyezera kuti asiyanitse.

Tengani nkhani ya madzi m'konkire. Pasayiti zambiri, osakaniza amathira madzi ochuluka kuti konkire iziyenda mosavuta m'wilibala ndi m'bokosi, ndipo poiona imaoneka yabwino. M'kalasi wophunzira amauzidwa kuti simenti siuma monga dothi liuma padzuwa, koma imalimba chifukwa ikugwirizana ndi madzi, ndipo madzi opitirira muyeso amasiya timabowo m'kati mwa konkire tomwe timaifooketsa. Amauzidwanso kuti konkire yothiridwa kumene iyenera kukhala yonyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene injiniya anawerengera imayezedwa pa masiku 28. Munthu wodziwa izi sachotsa mitengo yochirikiza silabu msanga chifukwa chakuti mwini nyumba akufulumira, ndipo amatha kufotokoza chifukwa chake mwaulemu. N'chimodzimodzi ndi pulasitiki yakuda imene imayalidwa pamwamba pa maziko khoma lisanakwere. Wosadziwa amaiona ngati chinthu chongotayitsa ndalama, pamene wophunzira amadziwa kuti ndiyo imaletsa chinyezi kukwera m'khoma ndi kufumbutsa pulasitala m'zaka zochepa.

Mvula yamkuntho ya Freddy mu Malichi 2023 inagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kum'mwera. Palibe khoma limene likanaima pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, koma m'madera ena ambiri makoma anagwa chifukwa chonyowa kuchokera pansi, maziko osaya, ndi kusowa kwa bimu yomanga nyumba yonse pamodzi pamwamba pa mawindo. Zinthu zimenezi zimaphunzitsidwa m'kalasi, ndipo dziko lathu likufunika amisiri ambiri ozidziwa.

Nanga ngati kalasi ndi yofunika chotero, atachimenti ikuwonjezera chiyani?

Ikuwonjezera zinthu zimene shedi ya pakoleji singathe kupereka. Kukoleji wophunzira amamanga kakhoma koyeserera ndi matope amene adzaphwasulidwa mawa kuti njerwa zomwezo agwiritse ntchito mnzake, pansi pali posalala, ndipo palibe amene akumudikirira. Pasayiti amapeza malo otsetsereka, njerwa zosafanana kukula, mchenga wobwera ndi dothi, ndi kalipentala amene akudikira kuti khoma lifike kuti ayambe denga. Ndi pamenepo pamene amaphunzira liwiro, kugwira ntchito ndi anthu a maluso ena, ndi kumvera folomani ngakhale dzuwa la Okutobala lili paliwombo.

Tsiku loika zikhomo za nyumba ndi chitsanzo chabwino. M'kope wophunzira analemba kuti ngodya yowongoka imapezeka poyeza 3, 4 ndi 5. Pasayiti amaona folomani akukhoma timatabwa kunja kwa mzere wa maziko, akukoka chingwe, akuyeza mamita 3 mbali ina ndi mamita 4 mbali inayo, kenako n'kusuntha chingwe pang'onopang'ono mpaka tepi itawerenga mamita 5 pakati pa zizindikiro ziwirizo. Akamaliza ngodya zonse amayeza mopingasa kuchokera kona ina kufika kona ina, ndipo ngati miyeso iwiriyo yasiyana ndi chala chimodzi chokha, amamasula n'kuyambiranso. Wophunzira amene wagwira nsonga ya tepi tsiku limenelo amamvetsa chifukwa chake kulakwitsa kwa pansi kumakaonekera pa malata, ndipo saiwalanso.

Malo a atachimenti amapezeka bwanji?

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu la dongosolo lonseli, ndipo ndi bwino kulinena poyera. Makampani olandira ophunzira ndi ochepa, ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo ntchito ya zomangamanga imatsika m'nyengo ya dzinja komanso pamene eni ntchito achedwa kulipira makontalakitala. TEVETA ndi makoleji amathandiza kupeza malo ndipo amapereka kalata yokuperekezani, koma wophunzira amene amangodikira kuti aitanidwe akhoza kukhala pakhomo miyezi yambiri.

Yambani kufunafuna teremu isanathe. Yendani m'malo amene mukumangidwa sukulu, zipatala, nyumba zamalonda kapena milatho, werengani chikwangwani cha pachipata chimene chimatchula kontalakitala, ndipo pemphani kuonana ndi woyang'anira sayiti muli ndi kalata yanu m'manja. Aphunzitsi anu ndi amene anamaliza pakoleji panu zaka zapitazo amadziwa makontalakitala amene amaphunzitsadi, choncho afunseni. Musanyoze kontalakitala wamng'ono. Pa nyumba imodzi ya zipinda zinayi wophunzira akhoza kuona ntchito yonse kuyambira maziko mpaka pulasitala, pamene pa chinyumba chosanja cha kampani yaikulu akhoza kutha miyezi yonse akuchita chinthu chimodzi. Kampani yaikulu nayo ili ndi ubwino wake, chifukwa ndiko mumaona mapulani a injiniya, makina ndi dongosolo la chitetezo, ndipo amene angathe ayesetse kulawa mbali zonse ziwiri asanamalize maphunziro.

Ndichite chiyani ngati pasayiti akungondituma kutunga madzi ndi kukankha wilibala?

Masabata oyambirira zimenezi n'zoyembekezeka, ndipo sizoipa. Amisiri amafuna kuona kaye ngati mlendo amafika nthawi yabwino, ngati amatsuka zida pomaliza, ndi ngati amamva akauzidwa kamodzi. Wosakaniza matope amaphunziranso kusiyanitsa matope omangira ndi a pulasitala pongowaona pafosholo. Koma ngati mwezi wapita, wina n'kupitanso, inu musanagwire mpeni womangira kapena levulo, ndiye kuti mwasanduka dakaboyi waulere, ndipo cholinga cha atachimenti chaphonyeka.

Chida chanu pamenepa ndi logibuku imene mumapatsidwa pochoka kukoleji. M'menemo mumalembedwa maluso amene muyenera kuchita pa gawo lanu, ndipo woyang'anira amasainira mukawachita. Ionetseni kwa folomani tsiku loyamba, osati sabata yomaliza. Mukaona kuti nthawi ikupita, pitani kwa iwo pa nthawi yopuma, osati pamaso pa gulu, ndipo nenani mwaulemu kuti, "Bwana, m'buku langa mwatsala kumanga kona ndi kukhoma bokosi la lintala, kodi mungandiike ndi mmisiri amene akuyamba mbali iyo mawa?" Mafolomani ambiri amavomera pempho lotchula ntchito yake yeniyeni kusiyana ndi dandaulo lakuti simukuphunzira kanthu. Dziphatikeni kwa mmisiri mmodzi waluso, mumukonzere njerwa ndi matope bwinobwino, ndipo tsiku lina adzakuuzani kuti mupitirize mzere iye akupuma. Zikakanika ndithu, dziwitsani mphunzitsi wanu kapena ofesi ya TEVETA ya m'chigawo chanu kuti akuthandizeni kusintha malo.

Chinthu chimodzi ndikuchiletsa ndi mtima wonse, ndicho kusainitsa logibuku pa ntchito imene simunagwire. Siginecha imapezeka mosavuta, koma tsiku loyesedwa, kapena tsiku loyamba pantchito, adzakupatsani chingwe, levulo ndi mulu wa njerwa, ndipo khoma lidzanena zoona.

Kodi pa atachimenti amalipira?

Zimasiyana malinga ndi kampani. Ena amapereka kandalama ka mwezi, ena amapereka chakudya chamasana kapena thiransipoti, ndipo ena sapereka kanthu. Funsani zimenezi musanayambe kuti banja lidziwe zokonzekera, makamaka ngati mukachita lendi m'tauni. Ophunzira ambiri amadzithandiza ndi maganyu a Loweruka, monga kumanga bafa, kukonza khonde kapena kupenta chipinda, ndipo palibe cholakwika bola asalandire ntchito imene sanaifikire. Makolo akumbukirenso kuti wophunzira amafunika zida zake zoyambira: mpeni, levulo, tepi, sikweya, chingwe ndi hamala kwa womanga, ndipo zida zimenezi ndi zomwe adzayambire nazo ntchito akamaliza.

Za chitetezo changa pasayiti ndi udindo wa yani?

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limaika udindo pa wolemba ntchito kuti malo ogwirira ntchito akhale osaopsa ndiponso kuti apereke zodzitetezera, ndipo lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito la 2000 limakhudza amene avulala ali pantchito. Musanayambe, funsani kukoleji ndi kukampani kuti mukavulala adzakuthandizani ndani, ndipo yankho likhale lolembedwa ngati n'kotheka. Komabe thupi ndi lanu. Valani chipewa cholimba, majombo ndi magolovesi, chifukwa simenti yonyowa imadya khungu ndipo fumbi la podula mabuloko limaononga mapapo pang'onopang'ono. Musakwere katawala amene matabwa ake sanamangidwe, musalowe m'dzenje lakuya limene m'mbali mwake simunachirikizidwe, makamaka nthaka ikanyowa, ndipo musagwire makina amene sanakuphunzitseni. Wophunzira amachita manyazi kukana poopa kuoneka wamantha pakati pa akuluakulu, ndipo ngozi zina za achinyamata zimayambira pa manyazi amenewo.

Kodi mtsikana angaphunzire ntchito zimenezi?

Angathe, ndipo alipo kale amayi omanga, mapulamba ndi amagetsi amene akugwira ntchito m'dziko muno. TEVETA imalimbikitsa atsikana kufunsira ntchito zimene kale zinkaonedwa ngati za amuna okha. Chovuta chimakhala pasayiti, pamene mtsikana akhoza kukumana ndi mawu achipongwe, kusowa chimbudzi chakechake, kapena kupatsidwa ntchito yosesa ndi kulemba m'kaundula poganiza kuti akumuchitira chifundo. Iye ali ndi ufulu wogwira ntchito zonse za m'logibuku mofanana ndi anyamata, ndipo aliyense womufuna chibwenzi kuti amusainire kapena kuti amusungire malo akuphwanya lamulo. Nkhani yotere ikanenedwe msanga kukoleji, ndipo makoleji ali ndi udindo wosatumizanso ophunzira kumalo oterowo.

Ndiphunzire kumanga ndi njerwa zootcha kapena mabuloko?

Zonse ziwiri, koma musamalize maphunziro musanazolowere mabuloko. Malamulo amene anatuluka mu 2018 analetsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, kotero ntchito zikuluzikulu tsopano zimamangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zopanikizidwa ndi makina. Buloko ndi yolemera, imafuna kagwiridwe kena ndi kayalidwe kena ka matope, ndipo kulakwitsa pang'ono pa mzere kumaonekera patali. Posankha malo a atachimenti, funsani kuti akumanga ndi chiyani.

Ndakhala ndikumanga zaka zambiri koma ndilibe pepala. Kodi ndiyambirenso pachiyambi?

Ayi. Pali njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu analipeza kale pantchito, imene TEVETA imaitcha RPL. Mmisiri amaonetsa umboni wa ntchito zake, amayesedwa pogwira ntchito yeniyeni, ndipo akakhoza amapatsidwa satifiketi ya gawo limene luso lake lafika. Kumene wapezeka wopelewera, kawirikawiri pa kuwerenga pulani ndi kuwerengera zipangizo, amatha kuchita maphunziro afupiafupi. Pitani ku ofesi ya TEVETA ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu kuti akuuzeni nthawi ndi malo oyesera.

Nanga amene akufuna kukhala mainjiniya kapena ojambula mapulani?

Njira yawo imadzera kuyunivesite, makamaka MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, kumene kuli maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga, kujambula mapulani ndi kuwerengera mtengo wa ntchito. Nawonso amapita ku atachimenti asanamalize, ndipo zambiri zimene zanenedwa pamwambapa zikuwakhudza. Wophunzira wa kuyunivesite akafika pasayiti azimvetsera amisiri akale, chifukwa iwo amadziwa zimene zimavuta kumanga ngakhale zikuoneka zophweka papepala.

Ndikamaliza, ntchito ndidzaipeza bwanji?

Ambiri amapeza ntchito yoyamba kudzera mwa anthu amene anawaona akugwira ntchito pa atachimenti. Folomani akasamukira kusayiti ina amaitana anthu amene akuwadziwa manja awo, choncho tengani miyezi imeneyo ngati mayeso olowera ntchito. Pochoka pemphani kalata yofotokoza zimene munachita, sungani manambala a foni a amisiri amene munagwira nawo ntchito, ndipo jambulani zithunzi za ntchito yanu mutapempha chilolezo, kuti mudzaonetse ofuna kukulembani.

Dziwaninso kuti ntchito ya zomangamanga imayendera makontalakiti, kotero kulembedwa mpaka kalekale n'kosowa, ndipo amisiri ambiri amafika podzilemba okha ntchito. Pachifukwa chimenechi musapeputse phunziro la bizinesi limene limaphunzitsidwa kukoleji, ndipo muli pasayiti yang'anitsitsani momwe kontalakitala amawerengera mtengo, momwe amagulira zipangizo ndi momwe amalembera mgwirizano ndi mwini nyumba. Amisiri aluso ambiri amagwa chifukwa chotchula mtengo asanawerengere, n'kupezeka kuti ndalama zatha khoma lili pa windo. Wofuna kupikisana nawo pa ntchito za boma, za makhonsolo kapena za mabungwe ayenera kulembetsa bizinesi yake, kukhala ndi nambala ya msonkho ku MRA, ndi kulembetsa kubungwe loyang'anira makontalakitala, limene linayamba ndi dzina la NCIC potsatira lamulo la 1996 ndipo limaika makontalakitala m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angathe. Woika mawaya a magetsi amafunikanso chiphaso cha MERA asanayambe kulandira ntchito m'dzina lake. Ndi bwino kugwira kaye zaka zingapo pansi pa kontalakitala wodziwa, kusonkhanitsa zida pang'onopang'ono, ndi kuyamba ndi ntchito zazing'ono zimene mungathe kuzimaliza pa nthawi yake ndi pa mtengo umene munagwirizana.